Dairekiti ndi kuchotsa themositati si kukonza galimoto yoboila

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga oyendetsa timagalimoto takale kudzera mu nyuzipepala yathuyi, makamaka pano pomwe dzuwa layamba kuswa mtengo ndipo simungachoke pa Zalewa kukafika pa Chingeni osaona galimoto ili pambali boneti ili m'mwamba, mwini wake chigubu chili m'manja akufunsa komwe kuli mjigo. Ine ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi mankhwala awiri omwe afala m'magalaja mwathu muno, akuti galimoto ikangoboila basi chotsani themositati, fani ipangeni dairekiti. Themositati ndi kachitsulo komwe kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta malinga ndi kutentha kwa injini, dairekiti ndi kulumikiza fani ku magetsi kuti izingozungulira osazima. Mankhwala amenewa akupha ma injini ambiri kuposa dzuwalo, ndipo amene akulira ndi munthu wa Sienta imodzi yomwe ikudyetsa banja lonse.

Chifukwa chomwe anthu amavomerera ndikuchimvetsa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sipeya aliyense wochokera kunja mtengo wake ndi wogwira pakamwa, nde makaniko akakuuzani kuti bwana apa simugula kanthu, tingochotsa ichi n'kulumikiza waya uyu ku batire, mtima umakhala m'malo. Mumachoka pagalaja fani ikulira vuuu kuyambira pomwe mwangotembenuza kiyi, geji ya kutentha ili pansi, mumvekere wandithandiza mnyamata uja. Koma chomwe chinaboilitsa galimoto chija palibe wachifufuza, chikadali momwemo, chikungodikira tsiku lomwe mudzanyamule anthu ndi matumba a chimanga n'kuyamba kukwera zitunda zochokera ku Chikwawa.

Makaniko weniweni asanagwire sipanala amafunsa funso limodzi, ikutentha nthawi yanji? Yankho lake limadula ntchito pakati. Ngati geji imakwera mukaima pa jamu, kaya pa Ginnery Corner madzulo, kaya pa mlatho wa Lilongwe, kaya pamzere wa petulo injini ikulira, koma mukangotuluka m'tauni n'kuyamba kuthamanga imatsika yokha, ameneyo ndi fani kapena china chake chokhudza mphepo. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa yokha kutsogolo ndipo fani ilibe ntchito kwenikweni, ntchito yake ndi pomwe mwaima kapena mukuyenda pang'onopang'ono. Tsono ngati m'tauni ili bwinobwino koma imatentha mukamathamanga kapena pokwera Chiweta ndi Khwekhwerere, musavutike ndi fani, olo muike mafani atatu sizitheka, vuto lili kumadzi, mwina achepa, mwina radiyeta yatsekeka mkati, mwina themositati yakanirira, pampu ya madzi yatha mapiko, kapena gasiketi, yomwe imatseka pakati pa hedi (chigawo chapamwamba cha injini) ndi buloko, yayamba kale kupsa. Anthu ambiri amene amawapangira dairekiti ali m'gulu lachiwirili, nde mungaone nokha kuti ndalama ya waya ija angoitaya.

Tiyambe ndi fani ya magetsi poti ndiyo ili m'magalimoto ang'onoang'ono pafupifupi onse ochokera ku Japan. Choyamba dziwani kuti fani imeneyi sinapangidwe kuti izizungulira nthawi zonse. Imadikira madzi atenthe kufika penapake m'ma 90 digiri, imayaka, ikaziziritsa imazima. Anthu ena amabwera akudandaula kuti fani yanga siikuzungulira pomwe injini angoiliza kumene m'mawa, imeneyo ilibe vuto. Yoti muidere nkhawa ndi yomwe geji yadutsa pakati iyo ili duu. Ndipo chonde zala, malaya ndi tayi kutali, imayaka yokha osachenjeza.

Pa ma Corolla akale aja a injini ya 5A ndi 4A pali kaswitchi kamene kamamangidwa pafupi ndi pomwe pamakhala themositati, kali ndi pulagi yake. Toyota anakapanga mochenjera, kamakhala kolumikiza madzi akazizira ndipo kamadula akafika pafupifupi 93 digiri, kudulako ndi kumene kumayatsa fani. Nde kuyesa kwake n'kosavuta, tembenuzani kiyi magetsi ayake, zulani pulagi ya kaswitchiko, fani ikuyenera kuzungulira pompo. Ikazungulira ndekuti fyuzi, rile (kabokosi komwe kamalumikiza ndi kudula moto wopita ku fani), mawaya ndi mota zonse zili moyo, wakufa ndi kaswitchiko basi, kapena madzi achepa moti sakukafika pomwe kali. Pa ma Honda akale monga Civic ndi CR-V yoyamba ija ndi zosemphana, mukazula palibe chochitika, mumayenera kulumikiza timabowo tiwiri ta pulagiyo ndi kawaya kuti fani iyake. Izi ndikuzinena chifukwa ndaonapo anthu akutaya mota yabwinobwino poti anayesa Honda ngati akuyesa Toyota.

Magalimoto obwera pambuyo pake, ma Vitz, Sienta, Probox, Corolla ya NZE, Tiida, Note, Fit, ambiri alibe kaswitchi koteroko. Sensa imauza kompyuta kuti madzi atentha bwanji ndipo kompyutayo ndi imene imalamula rile. Apa njira yachidule ndi kuyatsa eyakoni, fani imayenera kuyaka nayo limodzi. Koma samalani, ngati eyakoni ilibe gasi, monga zilili m'magalimoto athu ambiri, kompresa siigwira ndipo fani mwina siyaka, nde musafulumire kuiweruza. Pa ambiri mukazula pulagi ya sensa injini ikulira kompyuta imadzidzimuka n'kuyatsa fani mwamphamvu podziteteza, getsi la cheki injini limayakanso, zimenezo zimakuuzani kuti njira yonse ya magetsi ndi yabwino.

Ikakana zonsezi pitani ku bokosi la mafyuzi lomwe lili mu boneti. Pa Toyota yang'anani yolembedwa RDI kapena RDI FAN, ina ya CDS ndi ya fani ya eyakoni, zimakhala zikuluzikulu za 30 kapena 40 ampu. Ikapsa ikani ina ya nambala yomweyo. Ikapsanso musalimbane nayo, fyuzi siipsa chifukwa cha nkhanza, ikukuuzani kuti mota ikukoka magetsi ambiri poti yayamba kulimba kapena waya wakhudza bodi penapake. Zomakulunga kawaya ka kopa pa fyuzi yakupsa zija ndi zimene zimayatsa magalimoto moto pamsewu anthu n'kumati ndi zakumudzi. Rile mutha kuiyesa posinthanitsa ndi inzake ya m'bokosi momwemo koma nambala zikhale zofanana, osangoona kuti miyendo ikulowa, chifukwa pa ma Corolla akale aja rile ya fani imagwira ntchito mosemphana ndi zinzake, mukaikapo wamba fani izizungulira injini ili yozizira n'kuzima pomwe yatentha.

Kenako mota yeniyeniyo. Zulani pulagi yake, tengani mawaya awiri kuchokera ku batire, wamoto ukhale ndi fyuzi pakati, gusitsani. Mota yamoyo imadzuka ndi mphamvu mpaka mphepo kumveka kumaso. Ikamazungulira mwaulesi, kapena kulira kwee, kapena mpaka muigogode ndi chigwiriro cha sikuludiraiva ndi pomwe idzuke, maburashi, timakala topereka magetsi mkati mwa mota, atha. Imeneyi ndi yoopsa kuposa yakufa kale chifukwa pagalaja imayaka bwinobwino aliyense n'kuona, mawa pa jamu n'kugona. Mota zambiri zimatheka kutsegula n'kuika maburashi ena pamtengo wochepa, bola mkati musakhale mutapserera. Musaiwalenso kuyang'ana pulagiyo mkati, ikada kapena kusungunuka ndekuti magetsi sakudutsa bwino, komanso waya wa efi, wa negativi uja, pomwe wamangidwa ku bodi, dzimbiri pang'ono pamenepo limafoola fani. Kunabwerapo Sienta ina ya takisi itasinthidwa kale gasiketi ndi radiyeta kwina, ndalama zambirimbiri, koma ikuboilabe pa siteji, vuto linali pulagi ya fani yomwe inapserera mwendo umodzi, ikagwedezeka imagwira ikagwedezekanso imasiya. Olutaneta, yomwe imatchaja batire, ikafooka nayonso imachita zomwezo usiku, magetsi onse ali oyaka injini ili pa aidulo fani imazungulira theka la mphamvu yake.

Pali china chimene chimachitika kawirikawiri galimoto ikachita ngozi yakutsogolo kapena akaika fani ya galimoto ina. Mota zimenezi mukasemphanitsa mawaya zimazungulira chobwerera, nde m'malo mokoka mphepo kuchokera kunja kulowetsa ku injini imakankhira kutsogolo, poima zimaoneka ngati zili bwino koma mukamayenda mphepo ziwirizi zimalimbana pa radiyeta pomwepo. Tengani kapepala mukaike kutsogolo kwa galimoto fani ikuzungulira, kakuyenera kukokedwa n'kumamatira, kakamauluzidwa kubwera kwa inu ndekuti mawaya asemphana. Ndipo chipulasitiki chozungulira fani chija si chokongoletsera ayi, ndi chimene chimakakamiza mphepo kudutsa mu radiyeta yonse, chikasweka n'kutayidwa fani imangozunguza mphepo yotentha ya mu boneti momwemo.

Tsono dairekiti ndikuikaniranji? Pamsewu usiku, muli pakati pa Ntcheu ndi Dedza, rile yafa, ana ali m'galimoto, lumikizani ndithu mukafike, inenso ndingachite chimodzimodzi, bola pakhale fyuzi. Chimene ndikukana ndi kuisiya choncho chaka chonse. Mota ija anaipangira kugwira ntchito mphindi zochepa n'kupuma, mukaizunguza kuchoka ku Blantyre mpaka ku Mzuzu osapuma maburashi amatha msanga, ndipo tsiku lomwe idzafe simudzadziwa poti munazolowera kuti fani yanga ndi ya dairekiti siingavute. Ambiri amatenga moto pa waya wa iginishoni kapena wa magetsi ena omwe sanapangidwire katundu wolemera choncho, switchi ya kiyi n'kuyamba kutentha. Ena amaika kaswitchi pa dashibodi koti dalaivala aziyatsa yekha, eya, mpaka tsiku lomwe mwabwereketsa galimoto kwa mlamu wanu osamuuza. Zonsezi pothawa kugula kaswitchi kapena rile, zinthu zomwe mtengo wake sufika olo pa kachigawo kakang'ono ka mtengo wa hedi.

A maminibasi nkhani yanu ndi ina. Hiace ya dizilo ya 3L kapena 5L, ma Hilux ndi ma Land Cruiser, fani yake imayendera lamba ndipo pakati pake pali kilatchi yokhala ndi mafuta a silikoni. Ikakhala yabwino mumamva kubangula mukangoliza m'mawa, pakapita kanthawi phokoso limatsika, injini ikatentha pachitunda limabwereranso. Ngati simumvanso kubangula kumeneko olo pokwera phiri mutadzaza, zimitsani injini ili yotentha muyese kuzunguza fani ndi dzanja, ikapepuka n'kumangozungulira yokha ndekuti mafuta aja anatha, nthawi zambiri mumaonanso fumbi lonyowa litamatirira kutsogolo kwa kilatchiyo. Zomwe amachita ambiri ndi kuboola n'kumanga mabauti kapena kuwotcherera kuti igwire mpakampaka. Ikoka mphepo inde, koma idya dizilo, ilanda mphamvu pachitunda pomwe mukuifunitsitsa, imapha bering'i ya pampu ya madzi, ndipo mapiko a pulasitiki akale akazungulira mopyola muyezo amathothoka n'kuboola radiyeta. Chikhalirecho kilatchi za Toyota zambiri zimamasulidwa n'kuthiramo mafuta a silikoni atsopano, amagulitsidwa m'timachubu.

Ndibwere kwa themositati, yomwe kwathu kuno yasanduka mfiti ya m'galimoto, chilichonse chikavuta amayamba kuloza iyo. Mawu ake ndi amodzimodzi paliponse, akuti chimenechi ndi cha ku Japan kozizira, kuno ku Africa sichifunika. Abale, ku Tokyo mu Julaye ndi Ogasiti kumatentha kufika 35 digiri ndipo jamu yake si yamasewera, galimoto yomweyi inkayenda kumeneko themositati ili momwemo. Land Cruiser yatsopano yogulitsidwa ku Dubai kapena ku Australia imabwera nayo, Hilux yopangidwa ku Durban imabwera nayo. Ya Toyota nthawi zambiri imayamba kutseguka pa 82 digiri, nambalayo inadindidwa pa chitsulo chake, ndipo pofika cha m'ma 95 imakhala yatseguka yonse. Ikatseguka yonse siitchinganso kanthu, nde yabwinobwino singaboilitse galimoto olo muli ku Ngabu mu Novembala.

Zoona imafa, ndipo ikafera chotseka galimoto imaboila mwachangu, paipi imodzi ya radiyeta ili moto inayo ili zii. Koma kuidziwa n'kosavuta, iponyeni mumphika wa madzi pamoto, madzi asanafike powira muiona ikuyamba kutseguka, akamawira ikhale itayasama bwinobwino, mukaivuula itsekenso. Ikakanika gulani ina, pomanga kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera kaja kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzituluka. Kuyenda opanda imeneyi kuli ndi mavuto awiri omwe makaniko sakuuzani. Pa ma injini ambiri themositati ili ndi kambale kachiwiri kumbuyo komwe kamatseka njira yachidule ya madzi ikatseguka, mukaichotsa njira imeneyo imakhala pululu ndipo madzi ena amangozungulira mu injini osapita ku radiyeta, nde pachitunda imatenthabe. Vuto lina ndi la m'thumba, injini ikamayenda yozizira kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa n'kumathira petulo wambiri, ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni geji siidzuka n'komwe, mapulagi amada, oilo amasakanikirana ndi petulo, ma ring'i amadyeka. Munthu yemweyo amene wagona pamzere kuti apeze malita 10 akuwawotcha dala chifukwa cha kachitsulo komwe anamuchotsera.

Chinthu chimene pafupifupi aliyense amachinyoza ndi kapu ya radiyeta, chotsekera chija, ndipo kwa ife okhala kumtunda ndi yofunika kuposa a kunyanja yamchere. Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amawira pa 100 digiri koma zimenezo ndi za ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, madzi amawira cha pa 96 kapena 97, ku Dedza komwe ndi cha m'ma 1,600 amawira cha pa 95. Kumbukirani kuti fani ija imadikira m'ma 90 kuti iyake. Mukuona kuyandikana kwake? Chimene chimapulumutsa ndi kapu, yomwe imasunga presha ya 0.9 kapena 1.1 monga zalembedwera pamwamba pake, ndipo presha imeneyo imakweza powira kufika pakati pa 115 ndi 120. Labala wa kapu akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amayamba kuwira mu hedi fani isanaganize n'komwe zoyaka, amathawira mu kabotolo kapambali n'kutayikira pansi, mawa mupeza achepa koma podontha simukupaona. Kapu yomweyo ndi imene imabweza madzi kuchokera mu kabotolo injini ikazizira, nde mukaona kabotolo kali kodzaza koma radiyeta ili yopanda madzi, kapena paipi yakumwamba yafwapa m'mawa, yambani ndi kapu. Ndaonapo ena atatseka ndi jumbo n'kumanga ndi labala wa chubu. Gulani ya nambala yomwe inalipo, osati yoposa, chifukwa radiyeta zakalezi mitu yake ndi ya pulasitiki, ikayamba kusintha mtundu kuchoka kukuda kupita kofiirira ndekuti yaphikika, presha yambiri imangoing'amba.

Za madzi omwe timathira ndinene mosabisa, mjigo wapha ma radiyeta ambiri. Madzi a pansi, makamaka amchere a kuchigwa cha Shire, amasiya miyala yoyera m'timapaipi ta radiyeta tomwe ndi tating'ono kwambiri, kwinaku dzimbiri likudya mapiko a pampu ndi timapulagi ta m'mbali mwa buloko. Ena amati kulanti, mankhwala othira mu radiyeta aja, ndi wa kumayiko kogwa chipale, ayi, kuno ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa aluminiyamu, amakwezakonso powira pang'ono. Ngati ndi wofunika kusungunula sakanizani ndi madzi a batire aja ogula m'botolo, osati asidi chonde, kapena madzi a mvula oyera osefa, ndipo musasakanize wofiira ndi wobiriwira mwachisawawa. Musamusiye poyera m'botolo la zakumwa, amatsekemera koma ndi poizoni, mwana kapena galu akamwa impso zimafa. Zothira dzira, ufa, sopo kapena tsabola kuti zitseke podontha, zimatseka inde, koma sizisankha, zimatsekanso timapaipi tabwinobwino ndi hita yomwe.

Radiyeta yotsekeka mkati mutha kuidziwa ndi dzanja, injini itatentha muizimitse, kiyi m'thumba, papasani mosamala mbali zosiyanasiyana, mukapeza pena pali moto pena pozizira ndekuti pozizirapo madzi sakudutsa. Kunja nakonso kumatsekeka. Pakati pa radiyeta ndi kondensa ya eyakoni pamadzaza udzu, ngumbi za dzinja, nthenga, majumbo ndi matope a misewu yathu yafumbiyi, ndipo poyang'ana kutsogolo simungazione mpaka mumasule mabauti akumwamba n'kusuzumira pakati. Tsukani ndi paipi ya madzi wamba kuchokera kumbuyo, osalola anyamata a kawoshi kulozetsa mashini a presha pafupi, amapinda timapiko tonse mphepo n'kusowa podutsa. Lamba nayenso muyang'aneni, pa ma injini ngati 1NZ ndi 5A lamba wa olutaneta ndi yemweyo amazunguza pampu ya madzi, nde getsi la batire likayaka mwadzidzidzi mukuyenda musanene kuti ndikafika kaye, imani muone ngati lamba alipo.

A Mkonzi, chinanso chomwe chikupweteketsa anthu ndi choti magalimoto ang'onoang'ono ambiri, Vitz, Passo, Sienta, Fit, Demio, alibe geji ya kutentha. Ali ndi kagetsi kabuluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti zinthu zavuta kale. Kofiirako kakayamba kuphethira si nthawi yofunafuna malo abwino oimapo pa Lizulu, ndi nthawi yoima. Amene muli ndi geji nanunso musaikhulupirire mopyola, madzi akatayika onse sensa imakhala pamphepo, nde geji imatha kukwera kenako n'kutsika yokha inu n'kumati yazizira, chikhalirecho injini ikupsa youma. Mukaona zimenezo, ndipo hita ikutulutsa mphepo yozizira pomwe injini ndi yotentha, ndekuti mulibe madzi.

Geji ikayamba kukwera muli pamsewu zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka kumapeto mawindo ali otsegula, mupsa miyendo koma hita ndi karadiyeta kakang'ono, kamathandiza kuchotsa kutentha. Patukani. Ngati sipakutuluka nthunzi, madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ilire pa aidulo kanthawi muone ngati geji itsike. Ngati pali nthunzi kapena fani ili chete zimitsani pompo. Kapu musaigwire, olo ndi chisanza, dikirani theka la ola kapena kuposa mpaka paipi yakumwamba ifewe mukaifinya, anthu ambiri ali ndi zipsera kumaso ndi m'manja chifukwa cha changu chimenechi ndipo nthawi zambiri amene amapsa ndi kondakitala wotumidwa. Zokhuthulira ndowa ya madzi ozizira pamwamba pa injini yotentha siyani, hedi ya aluminiyamu imapindika kapena kung'aluka. Ikazizira thirani pang'onopang'ono injini ikulira, hita ili yotsegula, dikirani thovu la mpweya lithe musanatseke, chifukwa mpweya wotsalira mkati umaboilitsanso galimoto yomwe ilibe vuto lina lililonse.

Tsono ngati munaiyendetsa ili yofiira, konzekani kumva za gasiketi. Zizindikiro zake sizibisika, mukaliza m'mawa kapu ili yotsegula mumaona thovu likutuluka osaleka kapena madzi akudumpha mukaponda moto, paipi yakumwamba imalimba gwa injini isanatenthe n'komwe, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha wonunkhira motsekemera, m'mawa imadumphadumpha ngati pulagi imodzi yafa, ndipo zikafika poipa oilo amaoneka ngati tiyi wamkaka. Apa palibe dairekiti kapena mankhwala a m'botolo omwe angathandize. Hedi ichotsedwe, ipite kwa a mashini akaiyeze ngati yapindika kapena kung'aluka, aipale ngati m'pofunika, ndipo pomanga pakhale toko renchi, sipanala yoyeza kulimba kwa bauti, ndi ndondomeko yake ya mabauti, osati kukoka ndi paipi mpaka mnyamata atatuluka thukuta. Gasiketi yotchipa kwambiri ija muiganizire kawiri poti ntchito yomasula ndi yomweyo.

Koma gasiketi siipsa yokha, china chake chinaiwotcha, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa kachiwiri. Musanalipire funsani makaniko akuuzeni chimene chinayambitsa, akakuyankhani kuti ndi dzuwa kapena kuti injini zimenezi zimatero, dziwani kuti sanachipeze. Muuzeni abwezeretse themositati, achotse waya wa dairekiti, aike kapu yatsopano, ndipo galimoto isatuluke pageti musanaime pambali pake inuyo eni ake, eyakoni ili yozima, injini ikulira pa aidulo, mpaka muone ndi maso anu fani ikuyaka yokha, n'kuzima yokha, n'kudzayakanso. Zimatenga mwina mphindi 20 kapena 30, nthawi yozizira kuposa pamenepo, nde pitani pagalaja muli ndi nthawi komanso petulo wokwanira.

Ndine wanu,
Wamawaya a galimoto,
Zingwangwa, Blantyre